Pansi pa Kapu Panali 18

Anthu a pamsika wa pa boma amandidziwa ndi pakamwa. Ukabwera kushopu kwanga ndi pepala lokwinyika ngati latuluka m'kamwa mwa mbuzi, n'kumati ndikuchitire fotokope yooneka bwino, ndimakuuza pomwepo, kaya wavala tayi kaya wavala yunifolomu. Koma chinthu choipitsitsa chimene ndinachitapo sindinachichite ndikukalipa ayi. Ndinachichita ndi mawu ofatsa, Lamlungu lina masana, anthu akudya mtedza wokazinga.

Masewerawo anabwera ndi wophunzira udokotala wina amene anakhala miyezi ingapo pachipatala chathu. Anandibweretsera chibuku chachingerezi kuti ndimukoperere masamba ena, ndipo ine poti maso anga sakhala chete, ndinayamba kuwerenga makina akugwira ntchito. Ataona kuti ndachita chidwi anandifotokozera. Anthu amakhala mozungulira tebulo, aliyense ali ndi munthu wake wongopeka wolembedwa papepala, ndi mphamvu zake ndi luso lake. Mmodzi ndiye mwini nkhani, amene amafotokoza dziko, njira, mvula, achifwamba ndi zonse. Enawo amanena zimene anthu awo akuchita. Chinthu chikakhala chokayikitsa amaponya dayisi ya mbali 20, n'kuwonjezerapo nambala ya luso la munthuyo. Zikafika pa nambala imene mwini nkhani waika ndiye kuti zatheka, zikaperewera ndiye kuti zakanika. Pochoka anandisiyira madayisi ake m'kathumba ka nsalu.

Mwini nkhani ndinali ine, nanga akanakhala ndani? Osewera poyamba anali awiri. Wina anali namwino, mnzanga wa kusekondale, wouma mutu ngati ine ndemwe. Wina anali telala wa pakhonde loyandikana ndi shopu yanga, bambo wachisilamu wofatsa, amene ankatiimitsa masewera nthawi ya swala ikakwana n'kubwerera akufunsa ngati munthu wake akadali moyo. Lamlungu lililonse ndinkatseka chitseko cha kutsogolo, n'kukokera tebulo pakati.

Mkangano wathu woyamba unali wa luso. Munthu wa namwinoyo anali sing'anga, ndipo tsiku lina pofuna kumanga bala anaponya 3. Nditamuuza kuti magazi akupitirira kutuluka, anaimirira. Akuti zaka zonsezi wakhala akumanga mabala a anthu ogwa pakabaza, ndiye kafupa aka kamuuze kuti sadziwa ntchito? Ine ndinati wodziwa ndi iyeyo, koma amene ali m'nkhalango mopanda bandeji ndi munthu wa papepala. Tinakangana mpaka telala anatiweruza. Tinagwirizana kuti chinthu chapafupi chimene munthu wa papepala amachidziwa bwino tisamachiponyere, dayisi izituluka pokhapokha pakakhala zoopsa kapena changu.

Vuto lachiwiri analitulukira ndi telala yemweyo. Anaponya kuti adziwe ngati wamalonda wina wa m'nkhani akunama, inagwa 2, ine n'kunena kuti wamalondayo akuoneka wachilungamo. Telala anangoseka. Anati aliyense waiona 2 ija, choncho tonse tadziwa kuti munthuyo ndi wakuba. Apa m'pamene panabadwira lamulo la kapu. Pofuna kudziwa chinthu, wosewera ankagwedeza dayisi m'kapu yachitsulo n'kuivundikira patebulo. Wosuzumira ndinali ine ndekha. Nambala ikakwana, ndinayenera kunena zoona zonse, momveka, kuti munthu asachite kufunafuna. Ikaperewera ndinali ndi ufulu wonena zochepa kapena zosocheretsa. Kapuyo inkakhala chivundikirire mpaka gawolo litatha, kenako tinkaitsegula kuti onse aone. Lamulo lonseli linatsamira pa kukhulupirira kuti ine sindingabise kanthu.

Tsopano ndinene za alamu anga, amuna a mng'ono wanga. Kwawo ndi kufupi ndi pamene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja, ndipo anakulira m'bwato. M'boti limene ankagwirako ntchito, iwo ndi amene ankayang'ana kumwamba ndi madzi n'kunena kuti lero tipite kapena lero tikhale. Ankati sanalakwitsepo. Mchimwene wanga, mzime wa m'nyumba mwathu, atatopa ndi kusaka ntchito, analowa m'boti lomwelo. Tsiku lina m'nyengo yozizira alamu anati tipite, ndipo pobwerera mwera unawapeza pakati. Anthu asanu anasambira n'kugwira zigubu, mchimwene wanga anapezeka patatha masiku atatu m'mabango.

Kuchokera pamenepo alamu sanapondenso m'boti. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumasoka maukonde a anthu ena, ndipo masiku ena ngakhale singano sankaigwira. Pamaliro ine sindinawanene kanthu, anthu mpaka anadabwa kuti mayi wamkamwa uja wafatsa bwanji. Sindinafatse. Ndinasunga chakukhosi zaka ziwiri, ndikuwapatsa moni bwinobwino.

Mng'ono wanga ndi amene anandipempha kuti ndiwalowetse m'masewera. Anati bamboyo akuuma ali moyo, mwina akamakhala ndi anthu n'kumaseka angatsitsimuke. Ndinavomera chifukwa kukana kukanaonetsa zimene zinali mumtima mwanga.

Alamuwo anasankha munthu woyendetsa boti, ndipo pa luso lodziwa nyanja tinawalembera 5, nambala yaikulu kuposa ya aliyense. Masabata oyamba ankangoti zilizonse zimene anzanga anena. Kenako tsiku lina ndinafotokoza kuti boti lawo lalowa mumtsinje molunjika kuchokera kunyanja, ndipo ndinamva akutsokomola. Anati pepani alamu, palibe amalowa choncho, pamathiriro pamakhala mchenga wosuntha, umalowa chopingasa. Anatenga makoko a mtedza n'kuwayala patebulo, ili boti, uwu mchenga, awa madzi a mtsinje akukankha. Analankhula mphindi khumi osapuma. Telala anawomba m'manja, namwino anati tsopano tapeza mwamuna m'gulu lino.

Kuyambira pamenepo zinasintha. Ankabwera atasita malaya, atakwera minibasi yam'mawa kuti asachedwe. Pakakhala madzi m'nkhani, onse ankatembenukira kwa iwo. Ankandifunsa mafunso amene ine sindinkawaganizira, za utsi, za mbalame, za mtundu wa madzi, mpaka ndinayamba kukonzekera nkhani zanga ngati ndikukalemba mayeso. Mlamu ndi mlamu, tinkanyozana monga mwa mwambo wake. Ine ndinkati mutu wawo ndi waukulu ngati wa kampango, iwo ankati pakamwa panga m'pamene panathawitsa amuna onse a pa boma. Anthu ankaseka. Iwonso ankaseka, kuseka kwenikweni kwa m'mimba, ndipo kuseka kumeneko n'kumene kunkandibaya. Mchimwene wanga ali m'manda, uyu akuseka m'shopu mwanga, akudya mtedza wanga.

Lachisanu lina mng'ono wanga anafika kushopu nkhope ili ngwee. Anati masewera anga aja ndi mankhwala. Mwini boti wina wa ku Bua anali atawapempha alamu kuti abwerere kunyanja, ndipo anavomera kuyamba Lolemba. Ana adyanso nsomba ya bambo awo, anatero. Kenako anandigwira dzanja n'kundiuza zimene bamboyo ananena kunyumba.

"Anandiuza kuti, ngati achemwali anu, amene anataya mchimwene wawo m'boti langa, amandimvera ndikamanena za nyanja, ndiye kuti maso anga akadalipo."

Ndinamwetulira, ndinamugulira fanta. Atachoka ndinalakwitsa fotokope ya munthu katatu.

Loweruka lonse ndinakonza nkhani ya mawa lake. Sindinganame kuti zinangochitika, ndinakhala pansi ndi cholembera. Anthu atatu aja anayenera kuwolokera kuchilumba ndi matumba a mankhwala, chifukwa kumeneko kunagwa mliri. Ndinaikamo mwera wobisala, ndipo chizindikiro chake ndinachitenga m'kamwa mwa alamu omwewo. Anali atatiphunzitsa kale kuti mwera usanafike, pamabwera mafunde ataliatali oyenda mwaulesi, opanda thovu, boti n'kumakwera ndi kutsika pomwe mphepo kulibe. Maganizo anga anali oti ndiike nambala yovuta, dayisi iwakanike, boti limire, alawe pang'ono. Ndinaganiza kuti zithera pomwepo.

Lamlungu alamu anafika atameta. Tinayamba bwino, ndinafotokoza doko, anthu akukweza matumba m'boti, ndi mwamuna wina wapaulendo amene anapempha kuti akwere nawo. Kenako alamu anati munthu wawo akufuna kuyang'ana nyanja asananyamuke. Ndinawapatsa kapu. Anagwedeza, anavundikira, ine ndinapendeketsa pang'ono n'kusuzumira.

Panali 18. Kuwonjezera 5 wawo uja, 23. Nambala imene ndinalemba papepala langa inali 17. Mwa lamulo lathu ndinayenera kuwayang'ana m'maso n'kuwauza za mafunde aulesi aja, iwo akanati lero sitipita, tonse tikanawatamanda, ndipo Lolemba akanapita kunyanja mutu uli m'mwamba. Ndinatseka kapuyo. M'kanthawi kameneko m'pamene ndinaona njira ina yoipa kuposa imene ndinakonza, ndipo ndinaikonda.

Ndinafotokoza dzuwa, matumba akukwezedwabe m'boti, ndinafotokoza akakowa ali m'mphepete, ana akusamba, amayi akuyanika usipa pathandala. Anandifunsa za utsi wa kumudzi, ndinati ukukwera molunjika. Anandifunsa za mapiri a tsidya lija, ndinati akuoneka mwachizimezime monga masiku onse. Foni ya namwino inalira, anatuluka kukayankhira pakhomo. Telala anali kalikiliki kusenda mtedza. Za mafunde sindinatchule, ndipo ndisanawapatse mpata wofunsa ndinati odwala akudikira kuchilumba, dzuwa likukwera, atani?

Anaika manja onse awiri patebulo. Ndinkaona kuti kwa iwo sanalinso masewera. Anayang'ana kapu ija, anandiyang'ana ine, n'kunena kuti tiyeni, tipite. Telala anawasisita paphewa.

Ndinawalola afike pakati. Namwino atabwerera pampando wake, ndinautulutsa mwera. Luso lofotokoza ndili nalo, ndipo tsiku limenelo ndinaligwiritsa ntchito lonse. Madzi anada, funde loyamba linalowa m'boti, lachiwiri linakokolola matumba a mankhwala. Munthu wa telala anagwera m'madzi, anaponya, anagwira chingwe. Wa namwino anagwira chigubu. Kenako ndinatembenukira kwa wapaulendo uja, amene mpaka apo ndinali ndisanamufotokoze nkhope. Ndinati ndi wamtali, ali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, ndipo akachita mantha amaimba likhweru. Telala sankamudziwa mchimwene wanga, anangopukusa mutu pomumvera chisoni munthu wa m'nkhani. Namwino ankamudziwa, anasiya kutafuna. Alamu anayamba kutuluka thukuta pamphuno.

Ndinati wapaulendoyo ali m'madzi, watambasula dzanja, akuitana woyendetsa boti. Alamu anati akumugwira. Ndinati aponye poyera, pakufunika 25. Mphamvu za munthu wawo zinali 2. Ngakhale ikanagwa 20 sizikanakwana, ndipo ndinaona milomo yawo ikuwerengera. Anaponyabe. Sindinayang'ane n'komwe nambala imene inagwa, ndinangoti zala zinakhudzana, funde linabwera, likhweru linasiya.

Panja kondakitala wa minibasi ankaitanira anthu a ku Dwangwa.

Alamu analankhula motsitsa, osandiyang'ana. "Tsegulani kapu, alamu. Mwina inagwa yochepa."

Ankapempha kuti likhale tsoka chabe. Likanakhala tsoka akanapita kwawo ali wathunthu, chifukwa dayisi imagwera aliyense. Ndinatukula kapuyo pang'onopang'ono kuti onse aone 18 ija.

"Dayisi inakupatsani, alamu. Ndinakuuzani, pamene munkakweza matumba, kuti boti likukwera ndi kutsika pomwe mphepo kulibe. Ndinanena momveka. Inu simunamve."

Anatembenukira kwa telala. Bambo ameneyu analibe mtima woipa, koma sankafuna kuoneka ngati ankangodya mtedza osamvetsera, ndiye anakanda mutu n'kunena kuti ngati anamvadi zotero. Anatembenukira kwa namwino, iye anati anali pafoni. Ine ndinawonjezera ndikuseka kuti msodzi wanji wogontha, kapena madzi a ku Bua anatsalira m'makutumo? Kenako ndinati asakwiye, ndi zachilamu izi. Mawu amenewo amatseka pakamwa aliyense kwathu kuno, palibe angakudzudzule poseka ndi mlamu wako.

Sanakwiye. Anati pepani nonse, ndakumizitsani. Anapinda pepala la munthu wawo kanayi, analisiya patebulo, anatsanzika aliyense ndi dzanja, inenso anandipatsa dzanja. Linali lozizira. Ndinene zoona, atatuluka ndinamva kukoma. Ndinasesa makoko a mtedza ndikung'ung'udza nyimbo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka ziwiri chakudya chinanditsikira bwino.

Za Lolemba ndinamva kwa mng'ono wanga. Akuti alamu anapitadi kudoko, boti lili lokonzeka, anzawo akuwadikira kuti anene. Anaima, anayang'ana madzi, anayang'ana kumwamba, anayang'ananso madzi. Kenako anapita kwa mayi wina amene ankayanika usipa n'kumufunsa ngati iyeyo akuona mafunde. Mayiyo anaseka poganiza kuti akucheza. Anzawo anadikira mpaka anatopa n'kunyamuka okha, nyanja ili phee tsiku lonse, ndipo anabwerako ndi nsomba. Alamu anabwerera kunyumba n'kukagona chafufumimba. Mng'ono wanga anandifunsa ngati Lamlungu kunachitika kanthu. Ndinati palibe, tinangosewera.

Namwino anabwera Lachitatu, wopanda pepala lililonse loti ndikope. Anaima pakhomo n'kunena kuti foni ija inali yaifupi, ndipo pamene matumba ankakwezedwa m'boti iye anali adakali pampando. Anati sindinanene. Ndinamufunsa chifukwa chimene sanalankhulire Lamlungu pomwepo ngati makutu ake ndi akuthwa choncho, ndipo ndinaona kuti ndamulasa, chifukwa anayang'ana pansi. Ndinamuuza atuluke m'shopu mwanga. Sanapondemonso. Telala ankafunsabe za masewera kwa milungu ingapo, kenako analeka.

Mwezi wotsatira alamu anakalembetsa ntchito yodula nzimbe ku esiteti, ndipo banja lonse linasamukira kukomboni. Munthu amene ankadziwa njira zonse za pamathiriro a Bua anayamba kudzuka ndi chikwanje, n'kumaweruka ali bii ndi mwaye wa nzimbe zowotcha. Kukoma kuja kwa ine sikunakhalitse. Kunatha mkati mwa sabata, mchimwene wanga anali adakali m'manda momwemo, ndipo tsopano ndinalibenso mng'ono wanga pafupi. Koma kupepesa sindinkakudziwa, ndipo zinanditengera zaka zitatu.

Ndinapita kukomboniko mng'ono wanga atabereka mwana wachinayi. Linali tsiku lopuma, dzuwa lili paliwombo. Alamu anali pakhonde, akunola chikwanje pamwala. Anali ataonda, m'manja muli zipsera zokhazokha, koma anandilandira bwino, mpaka anandiseka kuti ndanenepa ngati bwana. Mwana wawo wamkulu anatulukira n'kufunsa ngati achape zovala kapena mvula igwa, poti kum'mawa kunali mitambo. Alamu sanakweze n'komwe mutu, anati akafunse amayi ake, iwo zimenezo sazidziwa. Apo m'pamene ndinalephera kupirira. Ndinadikira mwanayo achoke, ndinakhala pansi pafupi nawo.

"Alamu, tsiku lija za mafunde sindinanene. Ndinabisa dala, ndinkafuna muwawidwe. Inu simunaphonye kalikonse."

Anasiya kunola. Anandiyang'ana mwachifundo, monga mmene umayang'anira munthu wodwala.

"Munanena, alamu. Tinkakweza matumba m'boti, inu n'kunena kuti likukwera ndi kutsika. Mawu anu ndimawamva mpaka lero. Musadzisenzetse mlandu pondimvera chisoni."

Ndinabwereza. Ndinati akafunse namwino uja, iwo anati namwinoyo anali pafoni. Ndinalumbira pa manda a mchimwene wanga, ndinakweza mawu, ndinadzitchula mfiti, mpaka akazi a nyumba zoyandikana anatuluka ndi ana kumbuyo kudzaonerera. Ndinalira pamaso pa anthu osawadziwa, ine amene sindinalire pamaliro. Alamu anaitana mng'ono wanga kuti andibweretsere madzi akumwa, akuti dzuwa la m'njira landipweteka. Kenako anathira timadzi pamwala paja n'kupitiriza kunola, chifukwa mawa lake kunali munda woti akadule.